Achemwali a ku Area 25, mutu wanu sunafe ayi

Sabata yatha ndalandira imelo kuchokera kwa achemwali ena a ku Area 25 ku Lilongwe, dzina sinditchula chifukwa anandipempha okha kuti ndisawaulule. Imelo yake inali yaitali ndithu koma mwachidule akuti ali ndi zaka 27, amagwira ntchito mu shopu ina ku Old Town, kusukulu ankakonda kuwerenga koma chilembereni mayeso a Fomu 4 sanamalizeko buku ngakhale limodzi. Chaka chino agula mabuku atatu, onse aja okuuza mmene ungalemerere ndi mmene ungasinthire moyo wako, ndipo onse atatu athera pa tsamba 20 kapena 30, pano akungosenza fumbi pamwamba pa wadirobu. Akafika kunyumba madzulo ndi foni basi, apo ayi mafilimu a zigawozigawo a ku Korea ndi ku India mpaka 11 koloko, kenako amagona akudziimba mlandu. Funso lawo ndi ili: "Achimwene, inuyo mumawerenga chani, mumaonera mafilimu anji, ndipo ine nditani kuti ndiyambirenso? Kapena mutu wangawu unafa basi?"

Achemwali, mutu wanu sunafe. Munthu amene amatha kutsatira filimu ya zigawo 60, n'kumakumbukira kuti mtsikana uyu ndi uja anamusinthanitsa kuchipatala ali khanda, ndipo apongozi akewo ndi omwe anapha bambo ake m'gawo lachitatu, munthu ameneyo mutu wake uli bhobho. Njala ya nkhani muli nayo, yambiri kuposa anthu ena amene amangojambulitsa ndi mabuku pa Facebook. Chavuta n'choti mwagula mabuku olakwika, ndipo mukuwerenga nokhanokha ngati chilango. Ndifotokoza, koma mundilole ndidzere kutali pang'ono, mumandidziwa kale kuti ine nkhani sindiyambira pakati.

Kwathu kumudzi m'nyumba munali mabuku awiri okha, Buku Lopatulika la agogo lija la Chinyanja chakale la 1922, ndi buku la nyimbo za kutchalitchi lomwe chikuto chake anachita kusoka ndi ulusi wa thumba la feteleza. Zina zonse zinali zongotola, Moni wakale amene amalume ankabwera naye kuchokera ku Limbe, ndi Boma Lathu yomwe ndinkachita kulimbirana ndi azibambo ofuna kupichira chingambwe, ukachedwa upeza nkhani unaisiya theka ija yasanduka utsi. Baibulolo sindinkaliwerenga mwauzimu ayi ndisaname, ndinkasaka momwe muli ndewu ndi zachikondi, Samisoni ndi Delila, Yosefe ndi mkazi wa Potifara, Davide ali patsindwi paja, agogo n'kumauza anthu kuti mdzukulu wangayu adzakhala m'busa kkkk. TV kunalibe, ana a lero samvetsa zimenezi, dziko lino wailesi ya kanema inayamba mu 1999 pomwe TVM inatsegulidwa, nde nkhani zathu zinali za pamoto ndi za pa MBC, Kapalepale, Pamajiga, Sewero la Sabata Ino, mabatire titayanika padzuwa tsiku lonse kuti asatithere pakati pa sewero. Koma chokoma chenicheni chinkabwera m'mawa mwake panjira ya kusukulu, aliyense akufotokoza zomwe tonse tinamva kale, kutsanzira mawu, kukangana kuti wolakwa anali ndani mpaka kutsala pang'ono kumenyana.

Ku sekondale yogonera komweko ndi kumene matendawa anandigwira zenizeni. Laibulale inalipo koma mabuku ambiri anali a mphatso ochokera kunja, ena okamba za ulimi wa tirigu m'mayiko a chisanu, owakhudza chinali chiswe chokha. Mabuku enieni ankayenda mobisa m'mahositelo, ma Pacesetters aja a Macmillan ang'onoang'ono olowa m'thumba la kabudula, olembedwa ndi anthu a ku Nigeria, ku Kenya, ngakhale a konkuno, ma James Hadley Chase, ndi ma Mills & Boon omwe ankachokera kwa atsikana ndipo anyamata tonse tinkalumbira kuti ife sitiwerenga zimenezo pomwe usiku aliyense ali nalo m'bulangete ndi tochi. Buku limodzi linkakhala ndi mzere wa anthu 15, mayina atalembedwa kuseri kwa kope, aliyense usiku umodzi ndi usana umodzi basi, ukachedwetsa ulandira mawu oti sungaiwale. Nthawi ya prep tinkaliika mkati mwa buku la Biology, aphunzitsi akudutsa pawindo n'kumaona ana akhama.

Nde panali limodzi la zigawenga za ku America, lopanda chikuto, lothimbirira ndi manja komanso msuzi wa nyemba, lomwe masamba ake omaliza munalibe, mphekesera inali yoti wina anapita nawo kuchimbudzi. Umawerenga mtima uli m'mwamba, apolisi azungulira nyumba, mkulu uja watsala ndi chipolopolo chimodzi, mkazi uja wagwira chikwama cha ndalama, uti utembenuze tsamba, palibe. Amene ankadziwa mathero anali mnyamata mmodzi wa Fomu 4 wa ku Ntcheu, yemwe ankati analiwerenga lisanathothoke, ndipo matherowo sankapereka ulere ayi, masupuni awiri a shuga kapena theka la chigumu. Ankakhala pa bedi la pamwamba miyendo ili lendelende, ife pansi kukamwa kuli yasa, iye n'kumafotokoza mmene mkazi uja anawapusitsira onse, apolisi ndi chibwenzi chake chomwe, n'kuthawa pa boti ndalama zonse zili m'manja. Ine ndinalipira kawiri kuti ndimvenso.

Tsono taonani chimene chimatipha ifeyo. Mawu oti kuwerenga m'Chichewa amasenza katundu wambiri, kuwerenga nkhani, kuwerenga ndalama, kuwerenga kokonzekera mayeso, mawu amodzimodzi. Mwana akati ndikukawerenga aliyense amadziwa kuti mayeso ayandikira. Ine ndi imvi zangazi ndikakhala pakhonde ndi buku aneba amadutsa n'kufunsa kuti kodi mwayambanso sukulu, mukupanga za chani pano? Ndikati ayi ndi nkhani chabe, amandiyang'ana mwachisoni ngati ntchito inandithera. Nde tikalemba pepala lomaliza la MSCE mabuku timawataya ngati ndodo mwendo ukapola, ena tinkachita kuwotcha makope kuseri kwa hositelo tikuvina. Ngakhale mabuku okoma a nkhani aja anatidyetsa ngati kulolokwini, tchulani makhalidwe atatu a mpangankhani uyu, fotokozani mfundo zikuluzikulu zinayi, malikisi 10. Palibe anatifunsapo kuti kodi wakusangalatsa ndani m'bukumu, wakunyansa ndani. Inuyo achemwali m'kalasi munatulukamo kalekale, koma mabuku atatu mwagulawo ndi silabasi inanso yomwe mwadzilembera nokha, mukufuna bukulo likupatseni satifiketi.

Mabuku olemeretsawo ine ndinayesako awiri kapena atatu, ndipo onse amanena zinthu zoti zikanakwana pa tsamba limodzi, dzuka m'mamawa, sunga ndalama, usamacheze ndi anthu olephera, kenako masamba 200 obwereza zomwezo ndi zitsanzo za anthu a ku California amene sanakhalepo anayianayi pa mpando wa minibasi. Mayi anga akhala akudzuka 4 koloko moyo wawo wonse ndipo sanalemere. Ndikudziwa wina anena kuti nanga William Kamkwamba wa ku Wimbe ku Kasungu, si buku lomwe linamutukula? Zoona, anasiya sukulu chifukwa cha fizi nthawi ya njala ya 2001 ndi 2002, anapeza buku lotchedwa Using Energy mu laibulale yaing'ono ya pa pulayimale, n'kumanga makina amphepo ali ndi zaka 14. Koma mukawerenga buku lake la 2009 lija analemba ndi Bryan Mealer muona kuti mnyamatayo anali ataphwasula mawailesi ambirimbiri asanalione n'komwe bukulo, chidwi ndi chimene chinamupititsa ku laibulale, sanapite kukasaka chinsinsi cholemerera. Legson Kayira nayenso, uja ananyamuka wapansi mu 1958 kuchokera kumpoto kwenikweniko ati akupita ku America, n'kufika ku Khartoum patatha zaka ziwiri mpaka kukaphunziradi ku Skagit Valley College, m'katundu wake munali Baibulo ndi Pilgrim's Progress. Mwa awiriwo palibe lophunzitsa kapezedwe ka sikolashipu. Buku lake I Will Try la 1965 ndi limodzi mwa omwe ndinawerengapo katatu, ndipo ulendo uliwonse chimandigwira ndi mapazi akewo, osati digiri.

Mwafunsa zomwe ndimakonda. Ndiyambira a Chichewa, chifukwa ndikukayikira kuti mbali ina ya kutopa kwanuko ndi yoti mwatha tsiku lonse mukuyankhula ndi makasitomala, mwaima, mwakwera minibasi, kenako mukufuna ubongo ulimbanenso ndi Chingerezi cha munthu wa ku New York. Buku la m'chilankhulo chako limalowa mosagogoda. Nthondo la Samuel Josia Ntara, mphunzitsi wa ku Nkhoma, linatuluka mu 1933, linapambana mpikisano wa olemba m'zilankhulo za mu Africa ndipo T. Cullen Young analimasulira m'Chingerezi chaka chotsatira n'kulitcha Man of Africa. Ndi moyo wa munthu mmodzi kuyambira kubadwa, ubwana wovuta, kuba, kuyendayenda, mpaka kudzakhala mfumu ndi mkhristu. Chakumapetoko fungo la mishoni limamveka, sindikana, koma Chichewa chakecho abale, mawu ena ndinawamva komaliza pakamwa pa agogo anga, ndikawapeza m'bukumo ndimaima kaye n'kuwatchula mokweza kawiri katatu. Sikusinja ndi Gwenembe la J.W. Gwengwe ndi lalifupi moti mutha kulimaliza Lamlungu limodzi masana, nkhani ya nsanje pakati pa abale ndi kambalame kokana kukhala chete, ine mpaka lero mbalame ikamalira mobwerezabwereza pamtengo wa mango kuseriku ndimaganiza kuti yaona chani. Kukula ndi Mwambo la Gwengwe yemweyo ndimatsutsana nalo malo ambiri makamaka pa za atsikana, koma kutsutsana ndi buku n'kokomanso. Kenako kuli aja a m'tauni, Mkwatibwi Wokhumudwa la P.P. Litete, Njala Bwana la Willie Zingani, Ikakuona Litsiro Sikata ndi Mtima Sukhuta a Jolly Max Ntaba, ambiri mwa mabuku a nthawi imeneyo ankasindikizidwa ku Popular Publications ku Limbe ndi ku Dzuka ku Blantyre. Amenewa achemwali ndi ofanana kwambiri ndi mafilimu anu a madzulo aja, chikondi, chinyengo, ndalama, apongozi, kungoti anthu ake amadya nsima ndipo akakhumudwa salira pansi pa mitengo ya maluwa, amapita kwa ankhoswe.

A Chingerezi olembedwa ndi anthu akwathu, Sugarcane with Salt la James Ng'ombe ndinalida kusukulu n'kudzalikonda nditakula, nkhani ya dokotala wobwera kuchokera ku England n'kupeza kwawo kwasokonekera, pano ndili ndi abale anga ku Johannesburg ndi ku Leeds amene akabwera amaoneka ngati alendo pakhomo pa mayi awo omwe, nde bukulo ndimalimva mwina. Jack Mapanje ndinene zoona, ndakatulo zake za mu Of Chameleons and Gods la 1981 ndinkangoyenda nazo kuti anthu andione, zambiri sindinkazimva, analemba mophiphiritsa dala chifukwa nthawi imeneyo kunali Censorship Board, bungwe la boma losefa zolembedwa, ndipo mawu amodzi ankatha kukutengera kundende, monga anamutengeradi ku Mikuyu mu 1987 mpaka 1991 osazengedwa mlandu. Lomwe linandigwira pakhosi ndi la 2011 lofotokoza za kundendeko, And Crocodiles Are Hungry at Night, muli malo oti umaseka kenako n'kuchita manyazi kuti ukuseka chani. Koma limenelo musayambire, ndi lalikulu, lidikire kaye. Steve Chimombo ndi Napolo wake ndimamuwerenga mvula ikamagwa yosalekeza ndili ku Zomba, sindikudziwa ngati ndi chikondi kapena mantha. Akunja ndimawerenga chilichonse chogwira mtima, za apolisi ofufuza milandu makamaka, ndipo sindichita nazo manyazi. Aliponso mabuku akuluakulu otchuka omwe ndinawasiya pakati ndipo sindidzabwererako.

Za mafilimu tsopano. Sukulu yanga ya mafilimu inali vidiyo sho ya pamsika, kachisakasa ka mabango kokutidwa ndi pulasitiki yakuda, mabenchi a matabwa osapala, jenereta ikulira kuseri, sipika ili panja kuti odutsa amve mfuti akopeke, mayina a mafilimu atalembedwa ndi choko pa kabolodi pakhomo, kalembedwe kake koti mwini filimu sangalizindikire dzinalo. Mkatimo kutentha, fungo la thukuta ndi chimanga chootcha, Bruce Lee, Chuck Norris, Van Damme, Rambo. Chingerezi sitinkamva ndipo sichinkafunika, funso linali limodzi, ekita ndi uti, ndipo bwana wa adani afa bwanji. Kenako kunabwera a ku Nigeria, ufiti ndi apongozi ndi tianyamata tiwiri tija Aki ndi Pawpaw, azimayi nawo anayamba kulowa. Kenakonso kunabwera ma DJ otanthauzira mafilimu m'Chichewa, ndipo apa ndikudziwa anzanga ophunzira andinyoza koma ine anyamata amenewo ndimawapatsa ulemu. Amanama inde, munthu akunena za bomba iwo akuti akudandaula za ngongole ya kachasu, msewu wa ku Hong Kong amausandutsa wa ku Ndirande, ekita amamupatsa dzina la kwathu konkuno, koma tamverani mmene anthu akusekera m'chisakasamo. Amachita zomwe ankachita agogo pamoto, zomwe ankachita Julius Chongo pa wailesi ya ku Zambia mu Poceza M'madzulo, kutenga nkhani n'kuiveka zovala zoti omvera aizindikire. Ndipo filimu ikatha palibe ankapita kwawo mwakachetechete, tinkayenda gulu tikufotokozerana zomwe taona limodzi zomwezo, wina akuonetsa mmene mwendo unakwerera mpaka kabudula kung'ambika.

Omwe ndimawakonda pano ndi ochepa. Neria ya ku Zimbabwe, nkhani yake inachokera kwa Tsitsi Dangarembga ndipo Oliver Mtukudzi alimo komanso anaimba nyimbo yake, mayi wamasiye amene alamu ake akumulanda chilichonse mwamuna atangomwalira. Ndinaionera koyamba ndili pafupi ndi azakhali anga amene zomwezo zinawachitikira, analandidwa mpaka mbale ndi makina osokera, ndipo filimu yonse sanayankhule kanthu, anangogwira chitenje pakamwa, itatha anadzuka n'kukatsuka mapoto omwe anali otsuka kale. Lamulo lathu loletsa kulanda chuma cha masiye la 2011 lilipo, koma pitani kumaliro ena muone mmene maso a achibale amayendera m'nyumba. Akwathu, Shemu Joyah ndi amene ndimamuvulira chipewa. Seasons of a Life, ya mtsikana wantchito wopatsidwa mimba ndi bwana wake n'kudzabwera ali loya kufuna mwana wake, The Last Fishing Boat ya 2012 ya msodzi wa kunyanja ku Mangochi amene dziko likumusinthira ali maso, nsomba zikutha alendo akuchuluka, imeneyo ndi yomwe ndimaikonda koposa ngakhale imayenda pang'onopang'ono, ndi The Road to Sunrise yomwe inakapambana mphoto ya mafilimu a mu Africa ya AMVCA ku Lagos mu 2018, patangopita zaka ziwiri Joyce Mhango Chavula atatenga mphoto yomweyo ndi filimu yake Lilongwe. Ya Kamkwamba ya pa Netflix ya 2019, The Boy Who Harnessed the Wind, anaijambula konkuno ku Kasungu ndipo ndi yokongola, gule wamkulu alimo, fumbi lake ndi lathu lomwe, koma Chichewa cha Chiwetel Ejiofor, amene anasewera ngati bambo ake a Kamkwamba, abale inu, tinkaonera anthu asanu ndipo tonse tinkawerenga mawu a Chingerezi a pansi aja kuti timve zomwe akunena m'chilankhulo chathu chomwe kkkk. Anayesetsa, tisamunyoze, ndi angati akanavutika n'kuphunzira. Koma onerani filimuyo kenako muwerenge bukulo pa nkhani ya Khamba, galu wa Kamkwamba, muona nokha chimene buku limatha kuchita, ine ndinalitseka n'kutuluka panja kaye.

Nde mutani? Mabuku atatu aja apatseni wina, kapena asiyeni pa wadirobu pomwepo, sakulakwirani kanthu. Pezani kabuku kochepa ka nkhani, kopyapyala koti mukakagwira muziona mapeto ali pafupi, ndipo ngati n'kotheka ka Chichewa. Yang'anani kwa anyamata oyala mabuku m'mbali mwa msewu ku Old Town komweko, m'mashopu a mabuku a CLAIM, kapena pitani ku National Library ku City Centre mukalembetse, anthu ambiri amaiona ngati malo a ana a mayeso okha koma mashelefu a nkhani aliko ndipo nthawi zambiri sakhala ndi mzere. Kakhale m'chikwama, osati pa tebulo la kuchipinda, chifukwa nthawi yanu yowerenga si usiku mutatopa ayi, ndi mu minibasi muja mukudikira kuti idzaze, ndi pa mzere wa magalimoto m'mawa kuchokera ku 25 kukafika m'tauni, ndi madzulo aja magetsi azima foni yatha moto. Kakakutopetsani mutafika tsamba 40 kasiyeni mutenge kena, buku si ukwati, kulibe ankhoswe oti akakufunseni. Foni musaione ngati mdani, nkhani zazitali zija anthu amalemba m'Chichewa pa Facebook zigawo mpaka 30 ndipo anthu amatukwana wolemba akachedwa kuponya gawo lotsatira, kumenekonso n'kuwerenga, nkhani zazifupi za mu Tikambe ndi Tamvani, masamba a Chichewa a m'nyuzipepala za kumapeto kwa sabata, n'kuwerenganso. Mafilimu anu a ku Korea musasiye, ingochotsanipo gawo limodzi pa atatu aja mumaonera usiku umodzi.

Koma chachikulu, ndipo n'chifukwa chake ndakuzungulitsani kumudzi, kuhositelo ndi ku vidiyo sho, pezani munthu womufotokozera. Ine sindinawerengepo ndekha m'moyo mwanga, kumbuyo kwanga kunkakhala anthu 14 akudikira buku lomwelo, ndipo ndinkathamanga kuti ndikakhale nawo pa mkangano. Mafilimu anuwo amakukomerani chifukwa m'mawa kushopu mumakambirana ndi anzanu kuti waona zomwe wachita mfiti uja, pomwe buku mumalitseka n'kukhala nalo chete ngati matenda obisa. Nde gwirani mnzanu mmodzi wa kushopuko, kapena msuweni wa ku Joni pa WhatsApp, muzimutumizira ka voisi ka mphindi ziwiri, lero mkazi uja wagwidwa, ukuganiza atani. Mukamaliza mubwerekeni bukulo ndipo mumuuze kuti Lachisanu mulifuna. Ngati pakhomopo pali ana kapena agogo amene maso anafooka, awerengereni mokweza, Chichewa cha Ntara ndi Gwengwe chinalembedwera khutu, ndipo agogowo akuimitsani pakati kuti akuuzeni tanthauzo la mawu ena ndi nkhani ina yomwe simunawafunse.

Paja buku lopanda mathero lija. Zaka zingapo zapitazo ndikuyenda mu Victoria Avenue ku Blantyre ndinaima pa mnyamata wina woyala mabuku pansi, ndikungotembenuza opanda cholinga, n'kutsegula limodzi, mzere woyamba womwewo ndinalizindikira, lomwe lija, ulendo uno lili ndi chikuto ndi masamba onse. Sindinanenerere n'komwe mtengo, mnyamatayo anadabwa. Ndinakhala pa kakhoma pafupi pomwepo n'kupita kumapeto mwachindunji manja akunjenjemera ngati mwana. Achemwali, munalibe boti. Mkazi uja sanapusitse aliyense, apolisi anangolowa n'kuwagwira onse awiri, masamba asanu ndi atatu basi nkhani yatha. Mnyamata wa ku Ntcheu uja sanaliwerengepo lathunthu, anapeka yekha, anatidyera shuga wathu temu yonse ndi bodza. Ndinaseka ndekha pamsewu mpaka mayi wina wogulitsa nthochi anandifunsa ngati ndili bwino. Bukulo lilipo kunyumba kuno, mukalifuna ndikubwerekani, koma masamba omalizawo ndiyamba ndathothola, mudzandilembere imelo ina mundiuze mmene lathera.